Mapu a M'chubu

Ku Chisi sindinafikeko.
Ku Chingale ndimangokumva m'kamwa mwa anthu.
Zaka khumi ndi zinayi ndili pansi pa mkesha uwu
pa mphambano ya Matawale,
ine, beseni la madzi akuda, pampu, guluu ndi masipanala awiri.
Koma ndipatseni chubu chanu ndichiviike,
thovu lindiuza kumene mwachokera.

Munga wautali, woyera kunsonga,
ameneyo ndi wa njira ya ku Kachulu,
wabwera ndi fungo la matemba m'masipoko.
Msomali wa malata ndi wa ku Chinamwali
kumene nyumba zikumera ngati bowa.
Mabuleki otha mpaka chitsulo kulira
ndi anyamata a kuphiri,
otsika ku Chawe ndi nkhuni zopitirira mutu,
thukuta lili chuchuchu ngakhale akutsetsereka.
Dothi lofiira louma pa tcheni
sindifunsa n'komwe, ndimangopepesa.

Abiti Msusa amafika Lachiwiri, dengu pa kaliyala.
Akuti mbale ya matemba padoko ndi khanda.
M'bwato imakwawa,
pa kabaza imamera mano,
mu minibasi imameta ndevu,
ikamalowa mumsika wa Zomba ndi nkhalamba
yoti muipatse moni ndi manja awiri.
Ogula amati, mayi inu mukutibera.
Iwo amangoseka:
nsombayi ndakupatsani ulere,
mukulipira mtunda.

Bambo anga ankapukuta galimoto za boma.
Ankati likulu litanyamuka
msewu unatsala wolendewera
ngati lamba wa munthu amene wadwala nthawi yaitali.
Sitima sinatidziwepo ife.
Mabasi akuluakulu amangotipatsa mphepo,
wina akuthamangira Limbe, wina Liwonde,
apaulendo ali m'tulo, masaya pagalasi.
Phula ndi mtsinje, limayenda kumene likufuna.
Ife a m'mbali ndife timifuleni,
timalithira chimanga, makala, ana a sukulu,
ilo osatembenuka.

Dzinja lija Likangala atakwiya
tomato wa Che Twaibu anaolera kutsidya,
madengu asanu ndi awiri, akuyang'ana tauni.
Kuno mayi wina ankagula atatu okha,
akuwatembenuza ngati mazira.
Pakati pa njala ziwirizo
panali madzi oti mwala ungawoloke.

Ndipo usiku wina Nakhumwa anagogoda kwanga
tcheni chili m'manja, chaduka pawiri.
Ananyamula mayi wapakati kuchokera kuseri kwa Jali,
chipatala chikuonekera magetsi
njinga inati ndatopa.
Tinalumikiza ndi tochi ya foni, manja akunjenjemera,
koma pobwerera pamalopo
tinapeza amayi atazungulira ndi zitenje
ndi kulira kwatsopano m'mbali mwa ngalande.
Mwanayo anamutcha Sitinafike.
Chaka chino wayamba sukulu.
Amayenda wapansi.

Tsopano kwadza njinga zamoto.
Zimadutsa ngati mavu, anthu atatu ndi mbuzi,
sizindiyang'ana.
Mwana wanga Lusiyano akuti, bambo, pampu yatha ntchito,
phunzirani injini.
Mwina akunena zoona.
Koma petulo akasowa, mizere ikafika kumsika,
amabwerera kuno mmodzimmodzi
atatsitsa kudenga njinga ya malemu agogo awo,
dzimbiri lili mbuu, mpando anadya makoswe,
ati, achimwene, tadzutsani iyi.

Ndimadzutsa.
Pali chubu china ndachisunga m'bokosi,
zigamba makumi awiri mphambu zitatu,
mwini wake anachisiya poti chigamba chinasowa pogwira.
Tsiku lina mkulu wa zamisewu akadzaima pano
kufunsa njira ya ku Mayaka,
ndidzachitambasula pa bondo langa:
bwana, mapu ndi awa.
Apa pali dzenje. Apa mlatho unapita.
Apa ndi pamene timatsika n'kumakankha.

Pepani, ndalankhula kwambiri.
Guluu wauma.
Bweretsani tayala lakumbuyolo,
dzuwa lisanagwere kuseri kwa phiri
muli ndi chitunda cha Thondwe chokudikirani.